Mmisiri amene anayamba wayeza mayi anga asanayeze nyumba

Mayi anga anagwa m'bafa m'mawa wina mu Juni 2024, kuli nkhungu ija ya kuno ku Mzuzu yoti nyumba ya aneba osaiona. Bafalo linali la panja, kuseri kwa nyumba, ndipo pansi pake panali simenti yosalala imene inali itamera ndere. Anaterereka ndowa ili m'manja, n'kugwera dzanja lamanzere. Anakhala pansi pozizirapo mpaka mwana wa aneba amene ankapita kusukulu atamva kubuula. Kuchipatala anati fupa la pamkono lang'aluka, ndipo anawaika chikhakha masabata 6. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tithokoze Mulungu kuti si chiuno, chifukwa munthu wa zaka 78 akathyoka chiuno, kudzukanso kumavuta.

Usiku womwewo tinakambirana pafoni ana awo tonse anayi. Achimwene a ku Lilongwe anati mayi asamukire kwawo, kuli nyumba ya bafa lamkati. Ine ndinati abwere kwanga ku Luwinga, pafupi ndi chipatala chachikulu. Mayi anatimvetsera tonse mpaka kumaliza, kenaka anati, "Nyumba iyi tinamanga ndi bambo anu mu 1989, titangobwera kuchokera ku Dowa. Mapeyala awo ndinabzala ndi manja angawa. Anzanga a kumvano ali kuno ku Zolozolo. Ndikapita kwanuko ndizikayankhula ndi ndani masana inu muli kuntchito?" Panalibe anayankha. Basi nkhani inatembenuka: ngati mwini nyumba sachoka, ndiye nyumbayo isinthe.

Ndikulemba za mmisiri amene anagwira ntchitoyo, patatha chaka chathunthu, dzinja lonse litadutsa komanso nyengo yozizira itabweranso, chifukwa ntchito ya zomangamanga siiyamikiridwa tsiku lochotsa zipangizo. Ndi bambo wachikulire ndithu, wa imvi za apo ndi apo, amayenda ndi anyamata awiri, wina womanga wina wa mapaipi. Alibe ofesi kapena chikwangwani, ndipo dzina lawo sindiliika pano popeza ndinenanso zimene analakwitsa. Amene anandilozera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi ndipo a mmisiriwa ndiwo anawakonzera nyumba. Ndisanawapeze iwowa ndinali nditaitana amisiri ena awiri. Onse anafika, kuzungulira nyumba kamodzi, kutchula mtengo, osawapatsa n'komwe moni weniweni mayi amene anali pakhonde ndi chikhakha chawo.

Awa anachita zosiyana. Anafika cha m'ma 7 koloko pa sakaramento, monga timatchulira njinga za kabaza kuno, n'kukhala pansi pakhonde. "Monire mama," anatero, mayi n'kuyankha m'Chichewa chawo cha ku Dowa chimene zaka zonsezi sichinasinthe, onse n'kuseka. Kenaka anati, "Lero sindigwira chilichonse. Inu agogo pangani zimene mumapanga tsiku lililonse, ine ndizingokutsatirani." Ndipo anawatsatiradi mpaka masana. Anaona mmene amadzukira pabedi, kuti amayamba agwedezeka katatu asanaimirire. Anaona kuti akamatsika masitepe a pakhonde amatembenuka chammbali n'kutsogoza mwendo wakumanja, chifukwa bondo lamanzere lili ndi nyamakazi. Anawerenga mapazi kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi cha panja, anapeza 41, ndipo 12 mwa amenewo ndi pamalo otsetsereka. Anafunsa kuti usiku amadzuka kangati. Mayi anachita manyazi, koma anayankha kuti katatu. Ine mwana wawo sindinkadziwa zimenezi.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika m'kanjira ka pakati pa nyumba. A mmisiri anaima n'kundikodola. "Mayi, taonani apa." Pakhoma panali mzere wakuda, wothimbirira, wotalika kuchoka pakhomo la chipinda mpaka pabalaza, penapake wokhuthala, penapake wozimiririka. Ine ndinkauona mzerewu nthawi zonse n'kumati ndi litsiro la adzukulu, ndipo kawiri konse ndinaupaka laimu. "Ili ndi dzanja la agogo," anatero. "Khoma ili ndi limene lakhala ndodo yawo. Pamene pada kwambiripa ndi pamene amapumira." Anatenga tepi n'kuyeza kuchoka pansi, masentimita 82. Chogwirira chonse cha m'kanjiramo anachiika pa msinkhu umenewo, kutsata dzanja la mwini wake. Anachipanga ndi thabwa la paini wa ku Chikangawa, lozungulira, lopalidwa bwino loti dzanja likuzungulira lonse, ndipo anakana chitsulo mkati mwa nyumba ponena kuti mu Julayi chitsulo chimaluma m'manja, munthu amayamba kuchipewa.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwa chaka chilichonse. Ife timangoti agogo agwa, ukalamba umenewo, ngati kuti ndi mvula yoti palibe angailetse. Koma mukayang'anitsitsa pamene agwerapo mupeza sitepe yotalika mosiyana ndi inzake, kapena polishi wofiira uja timanyadira kuti pansi pakuwala, kapena mkeka wopindika kumapeto, kapena mdima. Zonsezi ndi zopangidwa ndi manja a anthu.

Ntchito yaikulu inali chimbudzi ndi bafa. Pafupi ndi chipinda cha mayi panali kachipinda kosungiramo chimanga ndi makasu. A mmisiri anati tiboole khoma, kachipindako kakhale bafa ndi chimbudzi, mapazi 41 aja atsike kufika pa 6. Mayi poyamba anakana, anati chimbudzi m'nyumba momwe ukugona ndi uve. Sanakangane nawo. Anangowafunsa kuti, "Agogo, mvula ya mu Epulo ija ikamagwa usiku, mumatani?" Mayi anakhala chete, kenaka anati amagwiritsa ntchito kachitini n'kukataya m'mamawa anthu asanadzuke. Nkhani inathera pomwepo.

Poyeza mpando wa chimbudzi anawakhazika mayi pampando wa patebulo, n'kumaika matabwa pansi pa miyendo ya mpandowo limodzilimodzi. Thabwa lililonse likawonjezedwa, "Taimirirani agogo. Khalaninso." Anachita zimenezi mwina kasanu ndi kawiri, mpaka pamene mayi anaimirira osagwedezeka katatu kuja, mapazi ali chigwirire pansi. Anayeza, masentimita 44. Mtondo wa chimbudzi umene tinagula m'tauni unali wofupikirapo, ndiye anaumangira kachitunda pansi kuti ufike pamenepo. Kumanja kwake anaika chogwirira cha paipi yokhuthala, chozikidwa m'khoma ndi simenti, osati chongokhomera ndi misomali, ndipo atamaliza anachikolekera thupi lawo lonse ine ndikuona. Anachiika kumanja chifukwa dzanja lamanzere ndi lija linavulala. Chimbudzicho ndi chothira madzi ndi kandowa, chopanda thanki yake, ndipo ichi ndinachikonda pambuyo pake. Chimadya madzi ochepa, chilibe tizitsulo tamkati tofuna pulambala mwezi ndi mwezi, ndipo madzi akasiya kutuluka pampopi chimagwirabe ntchito.

Kubafa anamanga benchi ya simenti yokhalapo posamba, ndi kashelefu kokwera koikapo beseni kuti mayi asamawerame. Pansi anasiya pokhakhala, ndipo anapendeketsa pang'ono kuti madzi azithamangira pakona osaima. Ine ndinkafuna matailosi oyera, ndinali nditawasankha kale m'sitolo. Anandiletsa mosapita m'mbali. Anati matailosi osalala akakumana ndi sopo ndi oopsa kuposa ndere imene inawagwetsa, komanso maso a mayi ali ndi ng'ala yoyamba, ndiye m'chipinda choyera paliponse sangasiyanitse pothera khoma ndi poyambira pansi. M'malo mwake khoma analipaka loyera, pansi n'kusiya mtundu wa simenti, m'mphepete mwa benchi n'kupaka penti wachikasu. Kunena zoona silikongola ngati mabafa a m'nyumba zatsopano za ku Katoto. Koma chitseko chake ndi chotakata masentimita 90, ndipo chimatsegukira kunja. Chifukwa chake anandifotokozera mwakachetechete mayi atapita kukhitchini: munthu akagwera mkati n'kutsamira chitseko chotsegukira mkati, omuthandiza sangalowe popanda kumuvulaza.

Dzenje la chimbudzi anakumba kunsi kwa nyumba, kutali ndi maziko, n'kuliwaka kuyambira pansi. Amene anali kuno mu Epulo 2016 akukumbukira mmene mvula inagwetsera nyumba ndi zimbudzi m'madera ngati Masasa, Chibavi ndi Salisbury Lines. Dothi la kuno likakhuta madzi silikhululuka. Apa tinasemphana pa nkhani ya njerwa. Ine ndinkafuna zowotcha chifukwa ndi zotchipa ndipo zimapezeka pafupi. Iwo anaumirira mabuloko a simenti, omwe anaumba okha pabwalo n'kumawathirira sabata yathunthu. Anati kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe loona za zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha pa ntchito zikuluzikulu, ndiye iwo anazolowera mabuloko, komanso kuti uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo yoti munthu ungalire. Anandilozera chakum'mawa, ku nkhalango ya Kaning'ina, n'kunena kuti madzi a mu damu la Lunyangwa amene timamwa mumzinda muno amadalira mitengo ya kumeneko. Ndinavomera ngakhale thumba linapweteka. Mpaka lero ndimaonabe kuti pa kantchito kochepa ngati aka akanatha kugwiritsanso ntchito njerwa zakale zimene zinachoka poboola khoma, m'malo mozisiya mulu kuseri. Zina ndinadzayalira ndekha kanjira kopita kudimba.

Tsopano pakhonde. Panali masitepe atatu amene bambo anga anamanga okha: ina masentimita 12, ina 15, yomaliza 18. A mmisiri anati phazi la munthu limaloweza sitepe yoyamba n'kumayembekeza kuti zotsatira zikhala chimodzimodzi, ndiye zikasiyana mpamene anthu amapunthwa. Anagumula n'kumanga njira yotsetsereka. Lamulo lake, anati, ndi lakuti pa sentimita iliyonse yokwera pafunika masentimita 12 a kutalika. Khonde lathu ndi lokwera 45, ndiye njirayo inafunika mamita 5 ndi masentimita 40. Kutsogolo kulibe malo otero chifukwa kuli mtengo wa mapeyala, ndipo mayi ananeneratu kuti wodula mtengowo ayambe wadula iwo. Choncho anaikhotetsa, inayenda motsata khoma, ndi pamalo pafulati popumira pakati. Mukadzaona tinjira tina timene amamanga pa mashopu m'tauni, totsetsereka ngati phiri, mudzadziwa kuti womangayo sanakankhepo njinga ya olumala. Mayi sayendera njinga yotero, ndipo ndinafunsa chifukwa chake tikuonongera simenti yonseyi. Anati, "Lero ayi. Koma tikumangira zaka khumi zikubwerazi."

Pomwepa mpamene panachitika cholakwika choyamba, ndipo sichinali chaching'ono. Tsiku lomaliza njirayo a mmisiri anali kumaliro ku Ekwendeni, n'kusiyira mnyamata wawo. Mnyamatayo pofuna kukongoletsa anaisalaza mpaka kuwala. Mu Okutobala kuli ng'amba sitinaone vuto. Mvula itayamba, pansi pa mtengo wa mapeyala paja posafika dzuwa, ndere inamera msanga, ndipo tsiku lina ine ndemwe ndinaterereka n'kugwira chogwirira. Mtima unandiima poganiza kuti akanakhala mayi. Nditawaimbira anabwera mawa lake, anayang'ana, sanadzikanire kapena kuloza mnyamata. Anagoba pamwamba ponse, kuikanso simenti ina, n'kuikanda ndi tsache la mapesi ikadali yaiwisi kuti pakhale timizere topingasa. Sanalipiritse ntchito, koma matumba awiri a simenti ndinagula ndine, ndipo ndimaona kuti pamenepo sanandichitire chilungamo chonse. Ntchito imene cholinga chake chonse ndi kuletsa munthu kugwa siyofunika kusiyira wophunzira.

Za kuwala ndinena mwachidule chifukwa zinayenda bwino. Anaika sola yaing'ono padenga, batire, ndi mababu anayi: kuchipinda, m'kanjira, kubafa ndi pakhonde. Switchi ya kuchipinda ili pambali pa bedi, poti mayi amaifikira ali chigonere, ndiye sadzukanso mumdima kufufuza machesi. Magetsi akazima nyumba yawo imakhala yowala, ndipo ana a aneba amabwera kudzalembera homuweki pakhondepo, zomwe mayi amakondwa nazo kwambiri. M'kanjira muja munali mdima ngakhale masana, ndiye anachotsa lata limodzi n'kuika loonekera. Limeneli linadontha mvula yoyamba yeniyeni, madzi n'kumagwera pansi pomwe mayi amadutsa. Apa ndinaimba katatu asanabwere, sabata ziwiri zathunthu tikutchera beseni, chifukwa anali atayamba ntchito ina ku Nkhata Bay. Atabwera anapeza kuti malata sanapitirirane mokwanira, anakonza, ndipo mvula ya mu Malichi ndi Epulo yonse sipanadonthenso.

Kukhitchini ndi kumene nzeru zawo zinaphonya kwenikweni, ndipo nkhani yake ndi yophunzitsa. Mayi amaphikira nkhuni pa mafuwa kuyambira utsikana wawo. Ife tinawagulira chitetezo mbaula, ija ya dothi imene imadya nkhuni zochepa komanso utsi wake ndi wochepa. A mmisiri anamanga chitunda chofika m'chiuno choikapo mbaulayo, kuti mayi aziphika chiimire osawerama. Pamaso chinkaoneka chanzeru. Patatha masiku atatu ndinapeza mbaula ili pansi, mayi ali pa kampando kawo kakale, akuvundula nsima. Nditafunsa anati, "Mwana wanga, nsima saphika chiimire ngati ukusita. Mphika umafuna uupanikize, mthiko uukoke ndi msana wonse. Pamwamba apo manja anga alibe mphamvu, ndipo miyendo imanjenjemera." Tsiku loyamba lija a mmisiri anaona zonse koma anachoka nthawi ya nsima isanakwane, ndipo pano pokha mpamene anamanga za m'mutu mwawo osati za m'maso mwawo. Nditawauza anaseka n'kuvomera kuti agogo awaphunzitsa. Anagumula chitundacho n'kuchisiya masentimita 20 okha, ndi kamphako kogwira mbaula kuti isasunthe, n'kukhoma mpando wolimba wa manja awiri woti mayi akamadzuka azikankhira. Pano amaphika ali pampando, mphika uli pakati pa mawondo monga anazolowera, ndipo mtolo wa nkhuni umene unkatha masiku anayi ukumapitirira sabata.

Kuzizira kwa Mzuzu amakudziwa ndi amene anagonako mu Juni ndi Julayi. Mayi anali ndi chizolowezi cholowetsa mbaula ya makala kuchipinda usiku, n'kutseka zenera, n'kutsekanso timabowo ta mpweya ndi nsanza. A mmisiri ataona nsanzazo nkhope inasintha. Anawauza mayi mwaulemu koma mosabisa kuti makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka, munthu amangogona osadzukanso. Anachotsa nsanza zonse n'kuika sefa wa udzudzu pa timabowoto. Kuti chipinda chifunde anaika siling'i ya mapulanga, chifukwa kale kunali malata okhaokha amene usiku amazizira n'kumadontha mame, ndipo anatseka mpata wa pansi pa chitseko. Anasunthanso bedi kulichotsa ku khoma lakummwera, limene m'miyezi yozizira siliona dzuwa, n'kukulitsa zenera lakumpoto. Ine sindinkadziwa kuti kuno kwathu mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto. Chaka chino mayi agona ndi mabulangete awiri ndi botolo la madzi otentha kumapazi, mbaula osalowanso.

Thanki ya madzi a mvula ndiyo ndinkaikayikira, koma pano ndi imene ndimauza aliyense. Anandiwerengera pa kapepala: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndi lita imodzi ya madzi. Mbali ya denga imene anatcherako ndi yokwana mamita 40 oterowo, ndiye mvula ya mamilimita 20, imene kuno ndi ya madzulo amodzi, imapereka malita 800. Tinagula thanki ya malita 1,000, anaikweza pa chitunda, n'kulowetsa paipi mpaka kubafa, ina kudimba la mayi la mpiru ndi tomato. Mzuzu mvula imagwa mpaka Epulo, mawawa n'kupitirira, ndiye thankiyo imakhala ndi madzi miyezi yambiri. Chachikulu n'chakuti mayi sanyamulanso ndowa, ija inawagwetsa. Madzi akumwa timatungabe pampopi. Mukamaika thanki yotere muumirire chivindikiro chothina ndi sefa polowera madzi, apo ayi mwaweta udzudzu, ndipo masamba a mapeyala amafuna kuchotsedwa mumpita wa madzi mwezi ndi mwezi. Ntchito imeneyo ndi ya mdzukulu, osati ya agogo.

Pali chinthu china chimene anatiletsa kumanga, ndipo mwina ndicho chabwino koposa chimene anatichitira. Achimwene anatumiza ndalama zoti timange mpanda wa njerwa wautali kuzungulira nyumba, ndi geti lachitsulo, poopa akuba. Kwa mmisiri aliyense imeneyo inali ntchito yonona, yoposa zonse zimene ndafotokozazi. Iwo anapukusa mutu. Anandifunsa kuti, "Tsiku limene agogo anagwa, anawapeza ndani?" Ndinati mwana wa aneba. "Mpanda ukanakhalapo, akanawamva?" Anapitiriza kuti munthu wokalamba wotsekeredwa m'mpanda amaiwalika, ndipo woiwalika ndi amene anthu amayamba kumunong'onezera zoipa. Tonse timamva pawailesi za agogo amene akumenyedwa ngakhale kuphedwa ponamiziridwa ufiti m'dziko muno, ndipo a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, akhala akudandaula za nkhanza zimenezi chaka ndi chaka. Chitetezo cha mayi anga ndi chakuti aliyense wodutsa amawaona pakhonde, amawapatsa moni, amadziwa kuti lero agogo sanatuluke, tiyeni tikagogode. M'malo mwa mpanda tinalimbitsa zitseko ndi mawindo, tinadzala maluwa a mpanda ofika m'chiuno, ndipo pakhonde anamanga benchi yaitali yoyang'ana kunjira, yokwana anthu anayi. Lachinayi lililonse amayi a mvano akamachokera kutchalitchi amakhala pamenepo. Achimwene anakhumudwa poyamba, koma atabwera pa Khirisimasi n'kuona khonde lodzaza, sanaitchulenso nkhaniyo.

Za ndalama ndi nthawi. Mitengo ya m'makwacha sindilemba, chifukwa kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero sukhala wa mawa, ndipo ngakhale mkati mwa ntchito yathuyi simenti inakwera. Ndinene m'zipangizo: matumba 31 a simenti kuphatikizapo awiri obwereza aja, mchenga matiripi awiri, thanki, sola, mapaipi, mtondo wa chimbudzi, matabwa ndi mapulanga. Malipiro awo anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse, ndipo tinalipira katatu, poyamba, pakati ndi pomaliza. Zipangizo ndinkagula ndekha iwo atandilembera, ndipo palibe thumba limene linasowa. Tinasonkherana ana anayi, paja mutu umodzi susenza denga. Analonjeza masabata asanu, ntchito inatenga asanu ndi anayi, kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala. Kuchedwa kwina kunali kwa ife podikira ndalama, kwina kwa iwo chifukwa amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Anyamata awo ankasiya zidutswa za mabuloko ndi mawaya pabwalo madzulo, panyumba ya munthu wosaona bwino, mpaka nditayankhula mwamphamvu. Ndipo salemba mgwirizano papepala pokhapokha muumirire. Ine ndinaumirira, ndipo inunso mutero.

Ndikudziwa kuti si banja lililonse lingakwanitse zonsezi. Agogo ambiri m'dziko muno akudalira Mtukula Pakhomo, ena alibe ngakhale zimenezo. Koma ndikayang'ana zimene zasintha moyo wa mayi kwambiri, zambiri ndi zotchipa: thabwa la pakhoma, chogwirira cha kuchimbudzi, babu la pabedi, kusiya polishi, kuchotsa mkeka wa pakhomo. Ngakhale pa chimbudzi chokumba mukhoza kuwaka mpando wa mabuloko ndi kuzika mtengo wogwirira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, Mzuzu yokha oposa 220,000, ndipo pafupifupi asanu mwa anthu 100 alionse anali a zaka 60 kupita m'tsogolo. Ambiri amene anabwera mumzinda muno kudzagwira ntchito m'zaka za m'ma 1980, ngati makolo anga, sanabwerere kumudzi, akukalambira m'nyumba zimene anamanga ali ndi mphamvu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo ndi chinthu chabwino. Ine pempho langa ndi lakuti a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso, ndi masukulu a ntchito zamanja aziphunzitsa achinyamata omanga zinthu ngati izi, chifukwa a mmisiri athu anandiuza kuti iwo anaziphunzira posamalira mayi awo omwe, amene anakhala chigonere zaka zitatu.

Kodi ndingawaitanenso? Inde, mosakayika, ndipo ndawalozera kale mabanja awiri. Koma ndimawauza kuti akhalepo okha tsiku lothira simenti pamalo oyenda, asalole kuti mnyamata amalize yekha, asunge gawo lomaliza la malipiro mpaka mvula yoyamba itagwa, ndipo tsiku loyang'ana lija a mmisiri akhale mpaka nsima itaphikidwa ndi kudyedwa. Kaya mupeza iwowa kaya wina, muyang'ane kuti akafika akuyankhula ndi ndani. Akamangoyankhula ndi inu wogwira ndalama, mwini nyumba ali pompo, ameneyo mubwezeni.

Sabata yatha ndinagona ku Zolozolo. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva switchi ikulira kuchipinda kwa mayi, kenaka mapazi, dzanja likukhwekhwereza pa thabwa, chitseko cha kubafa, madzi a m'kandowa. Ndinadzutsa mutu kuti ndikawathandize, koma ndisanapeze n'komwe masilipasi anali atabwerera kale pabedi, nyali n'kuzima. M'mawa anandituma kuti ndiwaimbire a mmisiri, akufuna chogwirira china chotsikira kudimba mvula isanayambe, poti mpiru wafika pokolola ndipo safuna kumadikira mdzukulu aweruke kusukulu.